Hilux ya pa okushoni ya bungwe ku Lilongwe: ndipiteko kapena ndisiye?

Wambatatesi wa pa Lizulu

Moni nonse. Ine ndimapikula mbatatesi ndi kabichi kwa alimi a ku Tsangano ndi mbali ya Mlangeni n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Chikundidya ndi hayala. Nyengo yokolola eni malole amakweza mtengo mmene afunira, ndipo ukachedwa pang'ono kabichi wayamba kufota. Ndasunga K16 miliyoni, ndikufuna galimoto yangayanga.

Alamu anga anditumizira pa WhatsApp chidziwitso choti bungwe lina lomwe latseka pulojekiti likugulitsa magalimoto pa okushoni. Pa mndandandapo pali Hilux ya single cab ya 2012. Kuona ndi Lachinayi ndi Lachisanu, malonda Loweruka, ndipo uyambe wapereka dipoziti kuti akupatse nambala. Alamuwo akuti magalimoto a mabungwe amakhala abwino chifukwa amapita ku sevisi nthawi yake. Amene munagulako pa okushoni, n'zoona zimenezi? Ndalamazi ndi mpamba wanga wonse.

Makaniko wa pa Dedza Boma

Achimwene, alamu anuwo sakunama, koma anena mbali imodzi. Oyilo amasintha nthawi yake, inde. Koma dzifunseni kumene galimotoyo imayenda. Hilux ya pulojekiti siikhala mu tauni. Imalowa m'misewu ya fumbi dzinja ndi chilimwe, madalaivala akusinthanasinthana, ndipo palibe amene imamuwawa chifukwa si yake. Injini mudzaipeza yoyera, koma pansi ndi pamene pali nkhani.

Chinanso, pa okushoni zambiri salola kuyendetsa. Mukachita mwayi akulizirani injini, apo ayi akuuzani kuti batire inatha kapena kiyi ali ku ofesi. Amagulitsa galimoto mmene ilili. Nyundo ikangogunda, vuto lililonse ndi lanu, palibe kubweza.

Ndiye Lachinayi mupite ndi makaniko wanu, batire yanu ndi tochi. Lowani pansi. Onani chasisi ngati ili ndi mng'alu kapena powotcherera, makamaka pafupi ndi pomangira masipuling'i akumbuyo. Paliponse pamene papakidwa penti yakuda yatsopano pansi pa galimoto yakale, pakandeni ndi sikuludilaiva. Inu mukufuna kusenza matumba a mbatatesi kuchokera ku Tsangano, chasisi yowotcherera siingapirire msewu umenewo. Tsegulani chivundikiro cha oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi alowa mu injini. Kwezaninso kapeti wa pansi pa mipando mununkhize. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndaona magalimoto angapo ochokera kumwera amene anamira m'matope. Amalira bwinobwino miyezi ingapo, kenako mawaya n'kuyamba kuvuta apa ndi apo osadziwa pogwira.

Hilux ya 2012 ikakhala ya dizilo, nthawi zambiri ndi ya injini ya 2KD, ya D-4D. Ndi injini yolimba, koma mainjekita ake akatha mtengo wake ndi wolilitsa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masipeyala sanatsikeko. Lamba wa timing wa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 150,000. Funsani buku la sevisi muone ngati anasintha. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, yerekezani ndi mmene mapedulo ndi chiwongolero zathera.

Ndi ichi chimene anthu sachiganiza: galimoto ikakhala pa yadi miyezi yambiri kudikira okushoni, zinthu zimayenda. Alitaneta yabwino imachoka n'kubwera yakufa, tayala la sipeya ndi jeke zimasowa. Jambulani zithunzi mu bonati Lachinayi, ndipo tsiku lokatenga mudzayerekeze.

NaBanda wa pa boda

Zimene anena amakanikowa ndi zoona, koma ine ndimagwira ntchito yokiliya katundu pa chipata cha Dedza ndipo ndikuuzani, bambo, kuti injini imakonzeka koma mapepala akavuta galimoto imaolera pakhomo.

Mabungwe ambiri amalowetsa magalimoto m'dziko muno osalipira msonkho chifukwa boma linawachotsera. Galimoto yotere ikamagulitsidwa kwa munthu wamba ngati inu, nkhani ya msonkho ija imadzuka, ndipo a MRA ayenera kuikiliya kaye isanasinthe umwini. Funso loyamba kwa ogulitsawo likhale lakuti, msonkho unaperekedwa? Ngati ayi, alipira ndani? Yankho lake lisakhale la pakamwa, likhale pa pepala. Zikakhala kuti wolipira ndi wogula, pitani ku MRA ndi nambala ya chasisi Loweruka lisanafike mukafunse kuti ingakhale zingati.

Muone blue book ndi maso anu, yeniyeni osati fotokope. Nambala ya chasisi ndi ya injini za m'bukumo zifanane ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo, chilembo ndi chilembo. Kuno kumalire timaona magalimoto a mbiri zokayikitsa, ndipo apolisi akamapereka clearance amayang'ana manambala omwewo. Akapeza kuti panakandidwa, galimoto imatsala pa polisi, inu n'kubwerera pa minibasi. Nthawi zina si umbava ayi, bungwe linangosintha injini osakalembetsa ku Road Traffic, koma wozunzika ndi inuyo.

Kusintha umwini mu MalTIS, kompyuta ya kaundula wa magalimoto ku Road Traffic, kumafuna kuti mbali ya wogulitsa ichitepo zake. Mwanena kuti pulojekiti yatsekedwa. Ndiye wosayinira bungwelo adzakhala alipo mwezi wamawa? Ndikudziwa mayi wina wa ku Bembeke amene anagula motere, ofesi n'kutsekedwa, mpaka lero akuyenda ndi galimoto ya dzina la eni ake ndipo kuti aigulitse sizikutheka. Madobadoba a pa geti adzakuuzani kuti akonza zonse. Musawapatse buku lanu.

Werenganinso malamulo a okushoniyo. Pamwamba pa mtengo wa nyundo nthawi zambiri pamabwera komishoni ya wochititsa malonda ndi VAT, ndipo masiku omalizira kulipira amakhala ochepa. Mukalephera, dipoziti yapita. Onjezani inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), matayala ndi buleki dauni yokokera galimotoyo mpaka ku Lizulu ikakana kulira. Pa K16 miliyoni yanuyo, ine sindingakweze dzanja kupitirira K11 miliyoni.

Mngoni wa ku Kampepuza

K11 miliyoni pa Hilux? Mayi, simudzaipeza. Pa okushoni za ku Lilongwe pamadzaza eni magalaja ndi ogulitsa magalimoto, amadziwana onse. Yabwino amaipikisana mpaka ifike mtengo wa pamsika. Imene akusiyirani inu motchipa, dziwani kuti anaiona kale pansi. Ena amangokweza dzanja kuti akutenthetseni mutu, mukafika pamwamba iwo n'kusiya. Achimwene, lembani malire anu pa kapepala mupatse alamu anu agwire, ndipo dzanja azikweza ndi iwowo.

Wambatatesi wa pa Lizulu

Zikomo nonse. Za msonkho zija sindimazidziwa n'komwe. Ndaimbira foni ochititsa okushoniwo, akuti blue book ilipo koma za duty akuti "tidzakuuzani pa tsikulo". Kuliza injini akuti alola, kuyendetsa ayi. Amakaniko, popanda kuyendetsa munthu angadziwe bwanji za giyabokosi ndi four wheel?

Makaniko wa pa Dedza Boma

Simungadziwe zonse. Injini ikulira, pondani kilatchi mulowetse magiya onse mmodzimmodzi, mumvetsere ngati ikukukuta, makamaka livesi. Muone ngati shafuti yakutsogolo ilipo, ena amaichotsa four wheel ikafa. Difu ikamalira imamveka pa msewu pokha, ndiye muiwerengere ngati yokonza. Mufike m'mawa injini isanalizidwe ndi ena, chifukwa utsi wa injini yozizira ndi umene umanena zoona.

Koma yankho lakuti "tidzakuuzani pa tsikulo" landidetsa nkhawa kuposa giyabokosi. Musapereke dipoziti mpaka atakulemberani. Lachinayi ndikupita ku Lilongwe kukagula masipeyala, mukakwera minibasi ya m'mawa munditsikire pa Dedza tipitire limodzi. Batire ndi tochi ndili nazo, inu mutenge chiphaso chanu ndi ya mafuta.