Mapulinta asochera magetsi atabwera

Chikondi (Thyolo): Akuluakulu, ndithandizeni. Usiku magetsi anathima kuno ku esiteti, atayaka rauta yagawa ma IP (maadiresi a zipangizo pa netiweki) atsopano. Makompyuta sakuonanso pulinta ngakhale imodzi. Mawa ndi tsiku la malipiro, mapepala a otchola tiyi sanasindikizidwe, akalaliki angondizinga pakhomo. Pa netiweki pali zinthu 23, mapulinta ndi ati kaya. Ina ili ku fakitale, ndi mvula imeneyi sindingafikeko.

Madala Makwinja (Mulanje boma): Osanyowa chabe achimwene, zifunseni zokha ziyankha. Gwiritsani nmap, pulogalamu younikira netiweki: lembani nmap -p 9100,631,515 kenako range ya ma IP anu. Manambala atatuwo ndi ma port, makomo amene chipangizo chimalandirira uthenga. 9100 ndi ija inatchuka ndi HP JetDirect, 631 ndi IPP, 515 ndi LPD yamakedzana, zonsezi ndi njira zotumizira ntchito ku pulinta. Chimene chatsegula awiri mwa atatuwo, kawirikawiri ndi pulinta.

Tadala (Luchenza): 631 yokha isakunamizeni, kompyuta ya Linux yokhala ndi pulogalamu yosindikizira ya CUPS imathanso kuyankha pomwepo. Ndiye 9100 muisamale. Chilichonse chofika pamenepo pulinta imachitenga ngati ntchito yosindikiza, n'chifukwa chake nmap imailumpha dala mukaika -sV, yofufuza pulogalamu imene ikuyankha pa port iliyonse. Ine mwanzeru zanga ndinawonjezera --allports, yoletsa kulumphako, pa sukulu ina. Pulinta inangoyamba kulavula mapepala, pamwamba palembedwa GET / HTTP/1.0, ena tizilembo tosadziwika mutu wake. Ahedi anatola onse n'kumandiwerengera limodzilimodzi pamaso pa aphunzitsi.

Chikondi: Zatuluka. Za ma IP othera .14 ndi .21 zatsegula onse atatu. .37 yatsegula 9100 yokha. Palinso .40 imene ndimaikayikira, nditaiunika payokha ili ndi 80 ndi 554 basi.

Madala Makwinja: .40 isiyeni, ndi kamera imeneyo, 554 ndi RTSP, yotumizira kanema. Zinazo zifunseni maina ndi SNMP, njira yofunsira chipangizo kuti chinene za icho chokha: snmpget -v1 -c public, IP, kenako 1.3.6.1.2.1.1.1.0. Zambiri mawu olowera akuti public aja palibe anawasinthapo chizigulireni.

Chikondi: Eee madala, zatheka! .14 ndi HP ya ku akaunti, .21 ndi Kyocera ya ku fakitale. Koma .37 yangoti zii.

Tadala: Onani MAC yake, nambala yakeyake imene chipangizo chimabwera nayo, zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira zimaulula kampani imene inapanga. Mukayendetsa nmap ngati admin pa netiweki yomweyo imakulemberani dzinalo.

Chikondi: Epson. Aa, ndi kaja ka malisiti ka kusikelo! Ndinakaiwaliratu. Zikomo achemwali, HP yayamba kale kutulutsa.

Madala Makwinja: Musanaweruke lowani mu rauta mumange MAC iliyonse ku IP yake, apo ayi magetsi akadzangophethira mudzabwereranso kuno.

Chikondi: Vuto pasiwedi ya rauta anapita nayo amene ankagwira kuno ine ndisanabwere. Ndingodina reset?

Tadala: Ayi! Chala chanucho chiyambe chadikira anthu alandire kaye ndalama. Loweruka ndili ku Bvumbwe, ndidzadutsa tidzaichitire limodzi.