Mapepala a origami ndingawapeze kuti, nanga pa mtengo wanji?

Muli bwanji nonse m'gulu muno? Ndili ku Chipata. Mwana wanga wa giredi 5 wakonda kwambiri luso lopinda mapepala, lija la ku Japan amati origami, koma mapepala ake akutisowa. Amafunika opyapyala, ofanana mbali zonse zinayi, masentimita 15.

Ndazungulira mashopu a mabuku m'tauni mpaka pa msika wa Kapata, osawapeza. Tinayesa kudula A4, koma ndi yokhuthala, khosi la mbalame silipindika bwino. Nyuzipepala nayo imangong'ambika. Pa intaneti ndiye ndalama yotumizira ikuposa ya mapepalawo.

Kodi paketi ya mapepala 100 ndi makwacha angati ku Lusaka kapena ku Lilongwe? Kupatula sizasi ndi rula, poyambira pamafunikanso chiyani? Ndikufuna ndidziwe mtengo wonse ndisanamulonjeze mwanayu. Thandizeni chonde.