Wi-Fi ikukwawa anthu akachuluka m'holo

Wamawaya: Akuluakulu, ndithandizeni. M'holo ya misonkhano muli access point (chida choulutsa Wi-Fi) imodzi pa 2.4 GHz ndi repeater (chida chobwereza siginolo kuti ifike patali) chakumbuyo. Pakakhala anthu 10 zonse zimayenda, akafika 40 ngakhale WhatsApp imakana. Koma laputopu ya pa waya imapeza 50 Mbps nthawi yomweyo. Vuto lili pati?

Mlongoti: Achimwene, intaneti yanu ilibe mlandu. Chikutha ndi airtime, osati ya mayunitsi ija, koma nthawi yolankhulira pa tchanelo. Zipangizo zimalankhula mopatsana mpata, njira yake ndi CSMA/CA: foni imayamba yamvetsera, ikamva kuti kuli zii imadikirabe kanthawi kosankha mwachisawawa, kenako imatumiza n'kuyembekezera ACK, yankho lotsimikiza kuti uthenga wafika. ACK ikapanda kubwera, imadikira motalikirapo n'kubwereza. Mafoni akachuluka, nthawi yambiri imathera pa kugundana ndi kubwerezaku.

Repeater ija chotsani. Imalandira paketi (kachidutswa ka data) n'kuitumizanso pa tchanelo yomweyo, ndiye paketi iliyonse imadya nthawi kawiri. Kokani waya wa netiweki wa Cat6, osapitirira mamita 100, muike access point yachiwiri ya PoE, yolandira magetsi kudzera pa waya womwewo.

Mayi_Fiber: Ndionjezereko. Paketi ya mabayiti 1500 pa 1 Mbps imatenga 12 ms, pamene pa 54 Mbps siifika ndi 1 ms yomwe. Choncho foni imodzi ili kutali imaimitsa holo yonse. Zimitsani ma rate (maliwiro otumizira) a 1, 2, 5.5 ndi 11 Mbps, chochepetsetsa chikhale 12. Ma SSID (maina a Wi-Fi amene amaoneka pa foni) asapitirire awiri, chifukwa iliyonse imaulutsa beacon, uthenga wodzidziwitsira, pafupifupi kakhumi pa sekondi, pa liwiro lotsikitsitsa lija.

Wamawaya: Zikomo mayi. Nanga tchanelo ndi mphamvu? Pano zili pa auto, 40 MHz, mphamvu yonse.

Mayi_Fiber: 40 MHz pa 2.4 GHz iyayi, bambo. Bwezerani kukula kwa tchanelo pa 20 MHz, access point ina pa tchanelo 1, inayo pa 6 kapena 11, mutayamba mwaona za oyandikana nanu. Mphamvu tsitsani: access point ikakuwa kwambiri foni imakakamira ili kutali, pomwe mawu ake eni sakufika bwino. Ngati zida zanu zili ndi 5 GHz, yatsani, ambiri asamukire kumeneko.

Mlongoti: Chenjerani kamodzi: printa kapena kamera yakale ya 802.11b (mtundu wakale wa Wi-Fi) yokha idzagwa mukazimitsa ma rate aja, ipezereni waya. Ma retry, kubwereza kutumiza kuja, akakhalabe ambiri, mwina mafoni a mbali ziwiri za khoma sakumvana ndipo akulankhula pamodzi. Pamenepo yesani RTS/CTS, njira yoti foni iyambe yapempha mpata isanatumize, koma pa access point imodzi kaye, poti nayonso imadyako nthawi.