Sabata imodzi yoyenda wapansi ku England: njira iti?

Wa ku Mbare, ku Harare: Akuluakulu, ine ndi mayi a kunyumba tikufuna kukayenda wapansi ku England kwa sabata imodzi, tokha popanda wotitsogolera. Visa tapeza kale. Titenge njira iti?

Wa ku Highfield: Achimwene, tengani njira yotchedwa Hadrian's Wall Path, kumpoto kwa England, makilomita 135 kuchokera ku Wallsend mpaka ku Bowness-on-Solway, masiku 6 kapena 7. Imatsata khoma limene Aroma anayamba kumanga m'chaka cha 122. Mukapite pakati pa Meyi ndi Okutobala, nthaka itauma. Chigawo cha pakati, cha ku Steel Rigg, ndiye chokongola kwambiri, koma ndi zitunda zokhazokha ndipo malo ogona ndi ochepa. Sungitsirani malo kudakali miyezi. Alipo makampani onyamula chikwama chachikulu kukachisiya kumene mukagone.

Wa ku Mufakose: Chimene chimathetsa ulendo ndi matuza. Nsapato zatsopano muziyambe kuvala kunoko, mukakwere nazo phiri la Domboshava, pafupi ndi Harare, kangapo mutabereka chikwama. Masokosi a thonje ayi, amasunga thukuta ndipo khungu limafewa n'kusupuka. Jekete la mvula lisasowe ngakhale mu Julaye.

Wa ku Highfield: Chinanso bambo, kufupi ndi Bowness msewu umamira nyanja ikakwera. Onani nthawi za madzi musananyamuke m'mawa.