Geji ya mafuta ikunama: vuto lili m'thanki kapena pa dashibodi?

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndithandizeni nzeru. Geji ya mafuta ya galimoto yanga yasokonekera. Ndikathira petulo wodzadza thanki, kamuvi kamakwera bwinobwino mpaka pa F. Koma mafuta akatsika kufika chapakati, kamayamba kuvinavina, kenako n'kugwera pa E, nyali yochenjeza n'kuyaka, chikhalirecho m'thanki muli mafuta ambiri ndithu. Ndikaponda bampu kamadzuka pang'ono, n'kugwanso.

Fyuzi ndayang'ana, ndi yabwino, ndipo mageji enawo akugwira ntchito. Ndinachotsa mpando wakumbuyo n'kutsegula kachivundikiro ka pamwamba pa thanki. Pulagi ya mawaya a pathankipo ndinaipeza ili ndi dzimbiri lobiriwira, ndinaipukuta, koma palibe chasintha.

Ine ndikukayikira sender, chipangizo cha m'thanki chimene chimayeza kuchuluka kwa mafuta n'kuuza geji, makamaka kaja kamene kamayandama pa mafuta ndi timizere tachitsulo timene kamkono kake kamakhudza. Poti vuto limayambira malo amodzimodzi nthawi zonse, ndikuona ngati timizereto tadyeka chapakatipo. Makaniko wina akuti ndigule pampu yonse ya mafuta pamodzi ndi sender yake, koma injini ikulira bwino, ndiye ndikuona ngati kungotaya ndalama.

Kodi ndikayika multimeter (choyezera magetsi) pa ma ohm n'kumakweza kamkonoko pang'onopang'ono, manambala akamadumphadumpha ndiye kuti sender yatha basi? Nanga kugunditsa waya wa geji ku bodi kuti ndione ngati kamuvi kayenda, sikungaotche kanthu pa dashibodi? Ndipo amene munatulutsapo sender, kupatula kuchotsa batire, mumatani kuti mpweya wa petulo usabutse moto?