Tchaja yopanda waya pa njinga yamoto: ndigule kapena ndikonzetse kabowo?

Abale anga kuno ku Joni, ndigawireniko nzeru. Ndimaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto, kuchoka ku Rosettenville mpaka ku Sandton tsiku lonse, ndiye foni ndi khasu langa. Mvula inalowa pa kabowo kotchajira, moti pano ndimachita kugwirizira waya ndi chala kuti moto ulowe. Kabowoka ndinasinthitsa kale chaka chatha. Foniyo ndi Samsung S10, imalola kutchaja popanda waya, ndipo ku mashopu a ku Dragon City ndaonako zogwirira foni pa chiwongolero zomwe zimatchaja ukangoikhazika. Chikundiopsa ndi kutentha. Ndinayesa ya mnzanga, mphindi 20 zokha foni inali ngati mbatata yootcha. Kodi sizipha batire? Ndalamayi ndimafuna kutumizira amayi ku Mangochi, ndiye ndikaigwiritsa ntchito ikhale pa chinthu chothandiza.

Wokonza mafoni, Yeoville: Achimwene, mkati mwa tchajayo muli waya wa kopa wokulungidwa ngati nkhata, kumsana kwa foni yanu mulinso nkhata ina. Magetsi akamasinthasintha mu nkhata yoyamba amapanga mphamvu ya maginito, mphamvuyo ndi imene imadzutsa magetsi mu yachiwiri. Zimenezi anazitulukira Michael Faraday mu 1831. Vuto lake nkhatazo zimafuna kuyang'anizana ndendende. Zikaphonyana pang'ono, moto wambiri umasanduka kutentha m'malo molowa mu batire. Tsono inu muli pa mabampu, dzuwa likuomba, mapu ali chiyatsire. Batire imakalamba msanga ndi kutentha koteroko. Mukagula, yang'anani pa bokosi chizindikiro cha Qi, chomwe chimasonyeza kuti tchajayo ikutsatira muyezo wa kutchaja popanda waya. Za Qi2, zomwe zinabwera mu 2023, zili ndi maginito oyanjanitsa nkhatazo, koma S10 ilibe maginitowo, mpaka mugule kava yamaginito.

Mayi a Tadala: Kuntchito kwanga ku Bryanston timaphikira sitovu ya induction, nzeru yake ndi yomweyo. Poto amene maginito samamatako sawira n'komwe. Ndiye chenjerani, musamasunge makobidi kapena kiyi mu kava ya foni, chitsulo chikakhala pakati chimatentha.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Akulu, inenso ndine wa njinga. Ka USB ka pa njinga yanga kamatulutsa moto wochepa, ndiye ndi yopanda wayayo foni imangoima pa 40% tsiku lonse, osakwera. Ndinabwerera ku waya. Yopanda waya ndimatchajira usiku kunyumba kuti kabowo kapumeko, ndipo mvula ikagwa sindilowetsa waya mpaka paume.

Mwini funso: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Kabowo ndikonzetsa Loweruka. Achimwene a ku Yeoville, kava yamaginitoyo ingapirire mabampu a mu Jules Street, kapena foni idzandigwera pamsewu?