Ndamvetsera voice note yanga, koma munthu wake sindikumudziwa

Mphunzitsi_Linthipe:
Abale, ndithandizeni maganizo. Sabata yatha ndinatumiza voice note pa gulu la WhatsApp la makolo a pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kuwakumbutsa za ndalama ya mlonda. Mumtima mwanga ndimati ndikupempha mwaulemu. Madzulo nditakhala pakhonde ndinati ndiimvetsere, ndipo thupi linachita kuzizira. Woyankhula mmenemo anali wa mawu opyapyala, othamanga, wolamula osati wopempha. Pomaliza paja ndinati "mwamva eti?" ndinamva malemu bambo anga enieni, mawu omwe ankatikalipira nawo tikachedwa kubwera ndi mbuzi kuchokera kudambo. Ndili mnyamata ndinalumbira kuti ine sindidzayankhula choncho kwa munthu.

Ndinafunsa mayi akunyumba ngati ndimamveka chonchi masiku onse. Anangoseka uku akupeta mpunga, n'kuti, "Mwadziwa lero?" Zaka 14 tili pabanja, osandiuza!

Ana a Sitandade 6 amati zii ndikangoponda pakhomo la kalasi, ine n'kumati ndi ulemu. Pano ndayamba kukayika. Ndiye weniweni ndi uti, uyu ndimamumva m'mutu mwangamu kapena uja wa pafoni?

NamwinoWaUsiku:
Aphunzitsi, za kupyapyala kwa mawuzo musataye nazo tulo. Mukamayankhula, mawu anu amafika m'khutu mwanu kudzera njira ziwiri: mumpweya, komanso m'mafupa a chigaza. Mafupawo amakometsa mawu, amawapatsa besi. Anthu ena onse, ndi foni yomwe, amangolandira a mumpweya okhawo. Tsekani makutu ndi zala muyankhule, mumva besi ija ikukula. Choncho pa nkhani ya kamvekedwe, foni ili pafupi ndi zomwe ife timamva kusiyana ndi zomwe inu mumamva.

Nkhope nayo n'chimodzimodzi. Pagalasi kumanja kumaoneka kumanzere, ndipo nkhope yotembenuzikayo ndi imene tinaizolowera. Mu 2017 titalembetsa ziphaso za unzika, ine nditalandira changa ndinakana kuti mphuno yopendekera uku si yanga. Anzanga kuntchito anati, "Ndiwe ndendende."

Koma zamafupazi zikungofotokoza besi. Uja "mwamva eti?" sanachokere m'chigaza ayi, ameneyo ndi wanu.

Mjoni_wa_Ntcheu:
Achimwene, inu bola mwadzidzimuka ndi foni. Ine ndili ndi anthu awiri m'thupi limodzi ndipo onse ndimawadyetsa.

Kuno ku Randburg, ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'galadeni, ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Dzina langa ambiri salidziwa, amangoti "Malawi, bwera kuno." Tsiku lina nditatsuka galimoto ya abwana ndinajambulitsa nditatsamira chitseko, makiyi ali m'manja, n'kuika pa Facebook. Sindinalembe kuti ndi yanga, komanso sindinalembe kuti si yanga. Pasanathe sabata, amalume anaimba kuti feteleza chaka chino ndi wa ine, msuweni akufuna fizi, wina akufuna ndimuitanitse adzagwire ntchito "pakampani panga."

Disembala ndikakwera basi, timadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, ndipo tikamayandikira chipata cha Dedza ndimavula juzi yakale n'kuvala jekete lachikopa. Sindinama, msana umawongoka wokha. Kumudzi amanditsegulira mpando, ana kundilandira chikwama ndi manja awiri. Januwale ndimabwerera kukatola zitosi za agalu pakapinga.

Poyamba ndinkati wa kumudziyo ndi wabodza. Koma malata a nyumba ya amayi anagula ndi iyeyo, ndipo amene anatuluka thukuta ndi uyu wa m'galadeni. Ndimutaye uti? Chomwe ndinaona n'chakuti anthu amationa ndi zomwe tawapatsa kuti aone, kenako timawakwiyira kuti sakutimvetsa. Amalume aja mpaka lero amati ndine woumira.

Nachisale62:
Ana inu mwayamba kukhulupirira foni kuposa anthu. Voice note ya mphindi imodzi, munthu ali ndi njala, akuitanitsa ndalama kwa makolo omwe sanapereke teremu yonse, mukufuna amveke ngati akuimba kwaya?

Komabe aphunzitsi, za bambo anuzo musazithawe. Ine ndinkadana ndi mmene amayi ankatsonyera mlendo akangotuluka pakhomo. Chaka chatha mdzukulu wanga anandiyesezera pamaso pa anthu, kutsonya kwake komweko, mpaka kupotoza khosi. Onse anafa nazo kuseka, ine ndekha ndi amene sindinadziwe kuti akuyesezera ndani. Paja anyani sasekana zikundu. Funsani ana, iwo sadziwa kukometsa. Koma musafunse a m'kalasi, aja akuuzani zoti akhoze mayeso.

Mphunzitsi_Linthipe:
Zikomo nonse. Anamwino, ndayesa zotseka makutu zija mu ofesi, ahedi anandipeza ndikuwerenga ndekha "wani, thuu, fili" ndipo sindinathe kufotokoza.

Amayi Nachisale, ndatsatira malangizo anu. Dzulo popita kuchigayo ndinafunsa mwana wanga wamkazi wa zaka 11 ngati amandiopa ndikamakalipa. Anayenda kaye kamtunda osayankha, thumba lili pamutu. Kenako anati, "Mukamakalipa sitiopa, timadziwa kuti zitha msanga. Timaopa mukangokhala chete n'kumapukuta magalasi anu."

Ine sindimadziwa n'komwe kuti ndimapukuta magalasi ndikakwiya. Bambo anga analibe magalasi, ndiye ichi sindingawanamizire.

Za mlonda zija, ndinajambula uthenga wina kanayi kuti ndimveke wofatsa. Wachinayiwo ndimamveka ngati munthu wodzakongola sopo pagolosale, ndiye ndinaufufuta. Makolo 9 apereka kale chifukwa cha woyamba uja.

Mjoni_wa_Ntcheu:
Ndiye mundijambulireko umodzi wa "mwamva eti?" ndiwatumizire amalume.